Adokotala Aletsa, Apongozi Akukakamiza

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ndi ya munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti asinthe kadyedwe, koma akukhala pakati pa anthu omukonda amene sanauzidwe chilichonse.

Malangizo amene munthu wa matenda a shuga kapena wa BP amamva kuchipatala ndi odziwika: achepetse mchere, achepetse shuga, achepetse zokazinga, ndipo ngati thupi lakula kwambiri ayesetse kulitsitsa. M'chipinda cha adokotala wodwala amavomera zonse ndi mutu. Akangotuluka pageti, nkhani imasintha. Kudepoti chiwaya chikuthetheka, ndipo mnzake wakale wamuona n'kuitanitsa kale tchipisi cha anthu awiri. Kunyumba kwafika alamu ndi zoziziritsa kukhosi. Loweruka kuli chinkhoswe, Lamulungu kuli phwando kumpingo, ndipo sabata yamawa kuli maphunziro a bungwe, kumene amagawa mandasi, samusa ndi botolo m'mawa, masana n'kugawanso.

Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009, anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 alionse anali ndi shuga. Ambiri sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina, wa bungwe la MEIRU, anachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse m'tauni anali onenepa kupitirira muyeso, pamene kumudzi anali 27 pa 100 alionse. Nambala ya kumudziyo ndiyo iyenera kutsegula maso a anthu a kuno ku Mchinji. Zoti awa ndi matenda a mabwana oyenda pa galimoto zinatha kalekale.

Chovuta n'chakuti wokakamiza chakudya si mdani. Mayi amene akuika mtanda wachitatu m'mbale ya mlendo akuchita zimene moyo unamuphunzitsa. Ambiri mwa amene akuphika m'makomo a ku Mchinji lero anaiona ndi maso njala ya 2002. Mchinji ndi Salima ndiwo maboma amene bungwe la Save the Children linachenjezerako kumapeto kwa 2001 kuti zinthu zaipa, Pulezidenti Bakili Muluzi asanalengeze mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu anadya gaga, ena mizu ya nthochi. Munthu amene anadutsa m'nyengo imeneyo samva bwino akaona m'bale wake akukankha mbale yodzaza. Ndiponso kuperewera kwa chakudya sikunathe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'mudzi umodzi, mwinanso pakhomo limodzi, mumakhala mwana wofunika kudyetsedwa zambiri ndi kholo lofunika kuchepetsa, onse akudya za mumphika umodzi.

Kupatula njala, bala lachiwiri ndi la Edzi. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, kuwonda kunali chizindikiro chimene mudzi wonse unkachiopa. Mantha amenewo sanachoke m'mitima. Mpaka lero munthu akatsika thupi, moni wake umasintha. "Kodi mwadwala?" "Nanga kubanjako kuli mtendere?" Mkazi akawonda, mlandu umagwera mwamuna kuti sakusamala mwana wa eni. Mwamuna akawonda, azilongo ake amanong'onezana kuti mlamu wawo sadziwa kuphika. Ndiye mayi amene mwamuna wake wauzidwa kuti atsitse thupi amakhala pakati pa malangizo a chipatala ndi pakamwa pa azilamu, ndipo akawonjezera mafuta m'ndiwo amakhala akuteteza mbiri yake. Amene amamudzudzula mayi wotere kuti ndi mbuli sanaimvetse nkhaniyo.

Palinso chachitatu, chimene anthu sachitchula poyera. Kukana chakudya pakhomo pa munthu kumatha kumveka ngati kunena kuti mwininyumba ndi wauve, kapena kuti wathiramo kanthu. Maubale ena anasokonekera pa mbale imodzi yokanidwa.

(KANYIMBO)

WOULUTSA: Kudya mopitirira chifukwa cha anzako si kwa Amalawi okha. Katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, John de Castro, anapempha anthu kuti azilemba chilichonse chimene adya ndi amene adya nawo. Mu 1989 anaonetsa kuti chakudya chodyera pagulu chinkakhala chochuluka ndi pafupifupi 44 pa 100 kuposa chimene munthu ankadya ali yekha. Mu 2007 Nicholas Christakis ndi James Fowler, atasanthula mbiri ya zaka 32 ya anthu oposa 12,000 a mu kafukufuku wa ku Framingham, anapeza kuti mnzake wa munthu akanenepa kwambiri, mpata woti nayenso anenepe unkakwera ndi 57 pa 100. Akatswiri ena amatsutsana pa chimene chimachititsa zimenezi, koma aliyense amene anakhalapo pa mphasa ya ukwati akudziwa kuti dzanja limatsatira manja a anzake.

Malangizo ambiri a m'mabuku akunja amati munthu alimbe mtima, anene kuti ayi, basi. Kumeneko mwina zimatheka. Mkamwini wa kwa Mavwere amene angauze apongozi ake kuti "sindikufuna" ndiye kuti waputa mlandu wofunika ankhoswe. Chimene chimathandiza kuno n'chakuti chikhalidwe chathu chili kale ndi malo a munthu wosala. Msilamu wa pa Mchinji Boma palibe amene amamukakamiza nkhumba. Wa mpingo wa Seventh-day Adventist akakana mlamba, mwininyumba amapepesa n'kumuphikira nyemba. Munthu amene sing'anga wamuletsa chakudya china pamene akumwa mankhwala amalemekezedwa popanda mafunso. Ngakhale mchere uli ndi malamulo ake pakati pa Achewa kuyambira makedzana: pali nthawi zimene mayi sathira yekha mchere m'ndiwo poopa mdulo, amaitana mwana kuti athire. Pakhomo pamene amadziwa zimenezi, pempho loti apatule ndiwo pang'ono asanathire mchere si lachilendo konse.

N'chifukwa chake mawu akuti "adokotala anandiletsa" amagwira ntchito kuposa akuti "ndikufuna kuchepetsa thupi". Oyambawo amachotsa mlandu pa wophika ndi pa wokana yemwe, n'kuuika pa lamulo lochokera kwina. Achiwiriwo amamveka ngati matama, ndipo amaitana yankho lodziwika lija: "Aaa, inu thupi limeneli ndiye labwino, mukufuna mukhale ngati ndani?" N'zomvetsa chisoni pang'ono kuti anthu amakhulupirira dokotala amene sanamuonepo kuposa mwini thupi amene ali naye pamphasa, koma wodwala alibe nthawi yokonza dziko lonse. Agwiritse ntchito khomo limene lili lotsegula. Ena amatchula ndi nthenda yomwe, kuti "ndili ndi shuga" kapena "BP inakwera", ndipo potero amatseka pakamwa pa amiseche asanayambe kupeka zawo. Amene safuna kuulula nthenda yake ali ndi ufulu wotero, ndipo mawu a adokotala aja amakwanira.

Nthawi yonenera ndiyo yofunika kwambiri. Mawu afike mphika usanaterekedwe. Apongozi akathamangitsa nkhuku, akaipha, akaikazinga m'mafuta ambiri posonyeza ulemu, kukana pa nthawi imeneyo n'kuwachititsa manyazi pamaso pa mudzi. Koma mwana wawo akatsogola dzulo lake n'kukanena kuti, "Amayi, akamwini anu kuchipatala anawaletsa mafuta ndi mchere wambiri, nkhukuyo mungoiwiritsa ndi tomato ndi anyezi," mayi yemweyo amasanduka mlonda. Mawa lake ndiye amene adzakalipire ana kuti asabweretse shuga pafupi ndi akamwini. Uthenga wa pakati pa mkamwini ndi apongozi umadutsa mwa mkazi kapena mwa ankhoswe pa nkhani zina zonse, ndipo pa nkhani ya chakudya njira ndi yomweyo.

Ndiponso nkhuku yachikuda yowiritsa si imene ikupha anthu. Mlendo aidye, asiye khungu, ayamikire mokweza kuti ndiwo zakoma, atenge nkhwani wotendera wambiri, nsima adye mtanda umodzi mosafulumira. Amene wamaliza msanga ndiye amawonjezeredwa. Amene dzanja lake likadali m'mbale pamene anzake akusamba m'manja, palibe amene amawerenga mitanda yake. Nkhani ya mgaiwa ndiyo imafuna kufotokoza, chifukwa m'makomo ambiri kupatsa mlendo nsima ya mgaiwa kumaoneka ngati kuulula umphawi, ndipo mayi amabisa mgaiwa n'kutulutsa ufa woyera. Mlendo akanena yekha kuti mgaiwa ndiwo umamukomera ndiponso ndiwo anamuuza kuchipatala, wamumasula mwininyumba. Komabe mgaiwa nawo ndi chimanga, ndipo mitanda inayi ya mgaiwa imakweza shuga ndithu.

Chimene chimavulaza mwakachetechete nthawi zambiri chimabwera m'botolo. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire pafupifupi magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni a tiyi ngati 12, ndipo linati ndi bwino koposa kutsika kufika pa theka la pamenepo. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri zotsekemera limakhala ndi masupuni asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Munthu amene wamwa tiyi wa masupuni anayi m'mawa, botolo limodzi kumsonkhano, ndi kapu ya thobwa lothira shuga pa chinkhoswe, wadutsa malire dzuwa lisanapendeke, iye akuganiza kuti sanadye kanthu. Ena amatsutsa kuti shuga wa m'Malawi ali ndi vitamini A. N'zoona, wakhala akuthiridwa vitamini ameneyu kuyambira mu 2012, koma cholinga chinali kuthandiza anthu operewera zakudya, osati kusandutsa shuga kukhala mankhwala. Vitamini yemweyo ali m'mango, m'mapapaya, m'masamba obiriwira, ndi mu mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere.

Pa phwando, botolo likabwera, wodwala alilandire ndi manja awiri, athokoze, apemphe kuti lisatsegulidwe, kenaka apemphe madzi. Munthu amene ali ndi kapu m'manja sakakamizidwa kawiri. Ambiri amati "nditengera ana", ndipo mawu amenewa amathetsadi mkangano, ngakhale kuti kunena zoona amangosamutsira vutolo kwa ana.

Mchere nawo uli ndi malire ake. WHO imati usafike magalamu asanu pa tsiku, pafupifupi supuni imodzi ya tiyi, kuphatikiza wonse wobisika. Umabisala mu timapaketi tokometsera ndiwo, m'zonunkhiritsa zimene zimabwera ndi soya pisesi, m'soseji, ngakhalenso mu soda wophikira therere.

(KANYIMBO)

WOULUTSA: Kwa abambo chikakamizo chimabwera ndi chipongwe. Fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, ndalama zimayenda pa Kamwendo ndi ku Mkanda, ndipo pamowa lamulo ndi lakuti wagulidwa, agulenso. Bambo amene wanena kuti wasiya amamva nthawi yomweyo kuti mkazi wake anamuika m'botolo. Pa kanyenya ndi mang'ina n'chimodzimodzi: wokana amafunsidwa ngati ndalama zamuthera. Kumapeto kwa February Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amawoloka malire kupita ku Zambia ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Kumapeto kwa August Achewa amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Maulendo otere ndi a chisangalalo, nyama ndi mowa sizisowa, ndipo palibe chifukwa choti munthu wa BP akhale kunyumba. Chofunika n'chakuti anyamule mankhwala ake ndipo asankhiretu asananyamuke chimene akadye ndi chimene akasiye, chifukwa pakati pa ng'oma ndi anzake akale si malo abwino oganizirapo.

Abambo ena apeza kuti kugula ndiko kumatseka pakamwa. Akagulira anzake kamodzi, iye n'kumwa madzi, nkhani yoti wasauka kapena ndi woumira imafa. Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo kwa munthu amene mowa unamugwira kale si yabwino, chifukwa kukhala pamalo omwera kumamukoka. Iyeyo ndi bwino asinthe malo ochezera, akakumane ndi anzake pa bawo kapena kumpira. Mnzake mmodzi wodziwa nkhani yonse, amene angayankhe m'malo mwake kuti "musiyeni, ali pa mankhwala", amathandiza kuposa kulimba mtima kwa mwini wake.

Pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira mu 2022 kuti ntchito za mayiko awiriwa zizichitikira pamodzi, pali gulu lina limene limadya zimene zapezeka: madalaivala odikira mapepala, osintha ndalama, ochita geni, a kabaza wa njinga zamoto amene tsiku lonse amakhala pampando. Chakudya chawo ndi cha pachiwaya, chokazingidwa m'mafuta amene abwerezedwa kangapo. Wofuna kusintha pakati pawo alibe khitchini yothawirako. Koma Mchinji ndi dziko la mtedza, ndipo m'misika momwemo muli nthochi, chimanga chootcha, mbatata yowiritsa ndi mazira owiritsa. Munthu amene wafika pagulu atadya kale mtedza wodzaza dzanja limodzi ndi nthochi sagonja msanga akamva fungo la tchipisi. Dzanja limodzi, osati thumba lonse, chifukwa mtedza uli ndi mafuta ambiri. Ukhalenso wosathira mchere ndi wopanda chuku, popeza chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Pamaliro si pochitira mwambo wa kadyedwe. Nsima ya nyemba ndi kabichi imene amayi aphika pa siwa ilibe vuto lalikulu. Wodwala adye pang'ono, akhale chete. Anthu ena akangoyamba kuchepetsa thupi amasanduka alaliki, kuloza m'mbale za anzawo n'kumawerengera ena mandasi. Otere amadziitanira okha chitsutso, ndipo tsiku limene adzagwe, mudzi wonse udzaombera m'manja.

Kugwa kumachitika. Mwezi wa December uli ndi maukwati, Khirisimasi ndi kugawana ndalama za banki m'khonde, ndipo munthu angadye zimene analetsedwa. Choopsa si tsiku limodzilo koma maganizo akuti poti ndaphwanya kale, ndiyambiranso mu January. Chakudya chotsatira chikhoza kukhala choyenera.

Pali chikakamizo china chochokera mbali yachiwiri, ndipo ichi chingaphe msanga kuposa mandasi. Ogulitsa tiyi wochepetsa thupi, ogulitsa zitsamba za m'mabotolo, ndi ena olankhula m'dzina la chikhulupiriro amauza odwala kuti asiye mankhwala kapena asale kudya masiku angapo. Munthu amene akumwa mankhwala a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin akadumpha chakudya, shuga amatha kutsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire, mwinanso kukomoka. Pa nthawi imeneyo, ngati akutha kumeza, shuga kapena chakumwa chotsekemera ndicho chimamupulumutsa, ndipo a pakhomo ayenera kudziwa zimenezi. Kusintha kadyedwe si kudzipha ndi njala. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa m'midzi, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, amafunikabe onse, kungosintha kuchuluka kwake. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana, ndi odwala chifuwa chachikulu asayambe kuchepetsa chakudya popanda uphungu wa achipatala.

Ndipo thupi lofunika kutsitsa si lambiri ngati mmene anthu amaopera. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina linapemphedwa kutsitsa thupi ndi 7 pa 100 ndi kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 pa sabata. M'gulu limeneli odwala shuga anachepa ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi gulu limene silinasinthe kanthu. Kwa mayi wolemera makilogalamu 90, zimenezi zikutanthauza pafupifupi makilogalamu asanu ndi limodzi okha, otsika pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Azilamu ambiri sangazindikire n'komwe, kupatula kuti mayiyo wasiya kupuma wefuwefu pochokera kudimba.

Mbali yotsala ndi ya olandira alendo. Komiti ya ukwati ikhoza kuika madzi akumwa pambali pa makireti. Wokonza maphunziro a bungwe akhoza kugula nthochi ndi mtedza m'malo mwa mandasi okhaokha, ndipo ndalama zake zingapite kwa alimi a konkuno. Mayi pakhomo akhoza kuthira mchere wochepa mumphika, wina n'kuuika pambali kuti wofuna awonjezere yekha. Mlendo akati wakhuta, kumufunsanso kamodzi ndi ulemu, kachitatu n'kumuzunza.

Kuyezetsa BP m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo pa 14 November chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga. Wodwala amene ali ndi tsiku lobwerera kuchipatala asapite yekha. Atenge amene amagwira mthiko pakhomo, kaya ndi mkazi wake, mwana wake wamkulu kapena apongozi, kuti akamve okha kuchokera kwa namwino, akafunse za mafuta, za thobwa ndi za kukula kwa mtanda, ndiponso akayezetse nawo.